A Julebo ndi Ndowa Yodontha

Mukafika pa Nsaru n'kufunsa kuti a Simeon Kaphiza amapezeka pati, anthu ayamba kufunsana okhaokha ngati kwabwera mlendo wa dzina limenelo. Koma mukangoti mukufuna a Julebo, aliyense akulozerani ndi mlomo kuseri kwa msika, kumene kukulira hamala. Simungasochere, ingotsatani phokosolo.

Phokosolo ndimalidziwa ine kuposa wina aliyense, chifukwa golosale yathu ili khoma ndi khoma ndi chisakasa chawo. Dzina langa ndine Munira, koma kuno amanditchula kuti amake Faida. Chibwerereni pa Nsaru kuchokera ku Mangochi, ine ndi amuna anga a Twaibu, mutu wanga sunapumepo. A Julebo ndi okhoma zidebe: ndowa, makheni othirira kudimba, mbaula, zivundikiro za mapoto, chilichonse cha lata. Dzuwa likangotuluka iwo ayambapo, kho! kho! kho! pa chidutswa cha njanji, mpaka madzulo. Panado amene ndamwa ine chifukwa cha bambo amenewa akhoza kudzaza thumba la fetereza. Ana anga anakulira m'phokoso lomwelo, moti tikapita kumudzi ankalephera kugona masana, ati kwachita zii kwambiri.

Dzina la Julebo si la makolo ayi. Linachokera ku liwu la Chingerezi loti "durable", lomwe limanena chinthu cholimba, chokhalitsa, chosatha msanga. A Simeon sukulu sanapite nayo patali, koma ali mnyamata anakaphunzira ntchito ya malata ku mishoni cha kwawo ku Namitete, kwa Bulazala wina wachizungu amene Chichewa chinamukana. Wophunzira akamaliza ndowa, Bulazalayo ankaigogoda ndi chala, n'kuitukula moyang'anitsa kudzuwa, mutu n'kulowetsa m'kati, kufuna kuona ngati pamsoko pakulowa kuwala. Akapanda kuona kanthu ankati, "Durable." Akaona kakuwala, ngakhale kochepa ngati nsonga ya singano, ankati, "Not durable," n'kuiphwanya ndowayo ndi jombo. A Simeon anachoka kumeneko ndi luso, chidutswa cha njanji chija, ndi liwu limeneli. Anthu a kuno lilime linawavuta, ndiye anangoliwongola kukhala Julebo, n'kulipachika pa mwini wake.

Mawu ena onse a Chingerezi amene amadziwa anachita kutola m'njira, pa wailesi ndi kwa aphunzitsi obwera kudzakonzetsa mapoto, ndipo anawatola ndi cholinga chimodzi chokha, choti azikhala operekeza liwu lawo lija. Agogo a kumudzi abwera kudzagula kandowa, Chingerezi sanachilawepo chibadwire, a Julebo n'kugogoda, n'kutukula kudzuwa, mutu m'kati, kenako n'kunena mwaulemu wonse kuti, "This bucket is durable, madam." Agogowo amangoyankha kuti, "Zikomo, nanunso," n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje.

Sizithera pa ndowa. Njinga yawo yakalekale, yomwe imalira paliponse kupatula belu, amaisisita n'kumati, "My bicycle is old but durable." Mnyamata akadutsa nsapato ya pakaunjika itayasamula, amamuitana kuti angomuuza kuti, "These shoes are not durable, my friend." Denga la tchalitchi chawo ndi julebo. Chingwe cha mbuzi cha nsalu ya neti ndi julebo. Dothi lomwe amathira m'maenje a msewu mvula ikayandikira si julebo, ndipo malonjezo a anthu ofuna mavoti, akangoyamba kulira pa chinkuzamawu, a Julebo amangopukusa mutu osaleka kukhoma. Mphunzitsi wina wa kusekondale ankauza ana ake kuti amene sakutha kuika liwuli m'chiganizo akangokhala pachisakasa Loweruka limodzi, akabwerako ndi ziganizo zokwanira mpaka mayeso.

Panali malo amodzi okha pomwe liwuli silinkafika. Sankalinena pa munthu. Atamwalira agogo ena a m'mudzi mwawo, omwe anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutuvi, anthu anawanyengerera kuti, "A Julebo, apa ndiye nenani, agogowa sanali julebo?" Iwo anakana kwamtuwagalu. "Munthu si ndowa," anatero. "Munthu sungamutukule kudzuwa n'kuona pamene akudontha. Ine ndimanena chimene ndaona ndi maso."

Akazi awo ndi a Stella, koma tonse timawatchula ndi mfunda wawo, aNankhoma. Ndi mayi ochepa thupi, osalankhulalankhula, oti mukawaona mutha kuganiza kuti m'nyumbamo alibe mawu. Nkhani ya mmene anakwatirana anandiuza okha tikusola mtedza. Akuti mnyamata wa ku Namitete anabwera pa msika wa Nsaru ndi ndowa zake pa njinga, anawaona, pakamwa n'kuuma. Anzake ankafunsira ndi makalata onunkhira, iye kalata samatha. Tsiku lina anangowatsatira kuchitsime, n'kuika ndowa yatsopano patsogolo pawo, pambali pake atakhomapo chilembo cha S ndi msomali. Mawu onse amene ananena ndi akuti, "Ikadzadontha mudzandiuze, ndidzaikonza ndekha." Basi, n'kukwera njinga. ANankhoma anaitenga ndowayo, ndipo chaka chisanathe mnyamatayo anali atamanga nyumba kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini.

Ndowa imeneyo ilipo mpaka lero. Ana awo onse anasambira madzi a m'menemo, ndipo pano ana omwewo ali ndi ana awo. Pansi pake a Julebo asinthapo kambirimbiri, chogwirira chomwe si choyamba chija. Ine ndimawaseka kuti chatsala cha kale ndi chilembo chokha, koma aNankhoma amangomwetulira n'kuisenza kupita kumjigo.

Tsono ine ndimagulitsa mabigiri ndi mabeseni apulasitiki, ofiira, obiriwira, okongola, opepuka. Mukhoza kuona nokha mmene unansi wathu ulili. Ndikamayala katundu pakhonde m'mawa, mawu amachokera kuseri kwa khoma.

"Plastic is not durable, amake Faida."

"Nanga anakuuzani ndani kuti ine ndikufuna zokhalitsa?" ndimayankha choncho. "Bigiri ikasweka mwini wake amabweranso. Inu makasitomala anu mumawaona kamodzi, kenako mumakakumana pa maliro."

Amaseka mpaka kutsokomola. Takhala tikukangana chonchi zaka zonsezi, koma pa Idi mbale ya mpunga wa nyama imadutsa khoma kupita kwawo, ndipo pa Khirisimasi nkhuku yathu imabwera yamoyo, miyendo yomanga, kuti a Twaibu azinge okha mwa Chisilamu.

Vuto linabwera mwakachetechete. Tsiku lina ndinawaona a Julebo akuvula chipewa n'kupereka moni kwa thumba la makala lomwe linatsamira khoma langa. Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka, ati fumbi la chaka chino lanyanya. Kenako anayamba kudandaula za utsi, pomwe kunja kuli mbee. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti timaso takuda tija tayamba kuyera. Zinali ng'ala.

Manja awo sanaiwale kanthu. Kudula lata, kupinda, kulumikiza msoko, zonsezo akanatha kuchita atatsinzina. Chimene chinawathawa ndi chomaliza chija. Akatukula ndowa kudzuwa n'kulowetsa mutu, ankangoona chimbuuzi, kakuwala ka pamsoko osakaonanso. Poti sanaone kanthu, ankatulutsa mutu n'kulengeza ndi mtima wonse kuti, "This bucket is durable." Ndowa zina zinalidi bwinobwino, koma zina zinayamba kudontha.

Apa ndiye anthu a kuno anandikwiyitsa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera pachisakasa kukadandaula. Munthu wamkulu, wa imvi, mtsogoleri wa mphakati kutchalitchi kwawo, ungamuyambe bwanji kuti ntchito yanu yayamba kudontha? Amayi ankazembera kunyumba, n'kukapereka ndowazo kwa aNankhoma kuseri kwa khitchini. ANankhoma ankasungunula phula pa mbaula, n'kumata msoko, n'kupepesa. Ena anayamba kubwera kwa ine monong'ona, kugula bigiri, kuikulunga m'chitenje ngati mwana wakhanda, n'kuzungulira njira ya kophera mbuzi kuti asadutse pachisakasa. Malonda anga anayenda kuposa kale, koma sindinakondwe nawo mpang'ono pomwe. Ine ndinkafuna kuwapambana a Julebo maso awo akuona.

Ndinapita kwa aNankhoma. "Amayi, ngati inu mukuopa, ndisiyeni ndikawauze ine. Pakamwa panga mumapadziwa."

"Ndi chifukwa chake ndikukuletsani," anatero. "Dzina la Juleboli ndi lomwe amadzukira m'mawa. Ndiwalande ine? Za kuchipatala ndinayambapo, koma anandidula. Akuti wakabaza wina anawauza kuti kumeneko amachotsa diso, n'kuliika pa mbale, n'kulitsuka ndi sopo, ndipo nthawi zina polibwezera amalitembenuza."

A Twaibu nawo anandiletsa, ati si nkhani ya m'nyumba mwathu. Ndinatseka pakamwa.

Zonse zinaphulika pa ukwati wa mwana wanga Faida. Unali masana, pabwalo kuseri kwa golosale, anthu ali thithithi, Asilamu ndi Akhirisitu osakanikirana monga timachitira kuno. Itafika nthawi ya mphatso, a Julebo anaimirira atavala jekete yawo ya Lamulungu, kumapazi masandasi, m'manja ndowa yaikulu yonyezimira ya chivundikiro. Anaikhoma mobisa kwa milungu ingapo, moti ngakhale aNankhoma sanaione kuti aiyese. Faida anakulira pa miyendo yawo, ankamupangira timagalimoto ta zidutswa za lata, ndiye anafuna kumupatsa ndowa yoposa zonse.

Akanangopereka n'kukhala pansi, bwenzi zitatha bwino. Koma a Julebo si munthu wongopereka. Anaitanitsa madzi. Anyamata anathira mpaka pakamwa, iwo n'kuinyamula ndi dzanja limodzi kuti aliyense aone, n'kuigogoda ndi chala.

"Faida, my daughter, this bucket is durable."

Kuchokera pamsoko, kamadzi kowonda ngati ulusi kanali kutsika mpaka pansi. Tonse tinakaona. Amayi a kumphakati anayamba nthungululu mokweza, anzanga a kumzikiti n'kulandira, wina n'kuyambitsa nyimbo, zonsezo kuti mwini wake asamve kudontha. Pa Nsaru sipanamvekepo nthungululu zotere chifukwa cha ndowa. Koma madziwo anagwera pa zala za phazi lawo.

Anaima osagwedezeka. Kenako anaika ndowa pansi, n'kuwerama, n'kuyendetsa chala pamsoko kuyambira pamwamba. Chalacho chinaima pamalo ponyowa. Nthungululu zinayamba kuzilala imodziimodzi. Iwo anatembenukira kumene kunakhala akazi awo.

"ANankhoma, iyi ndi yoyamba?"

ANankhoma anayang'ana pansi. "Si yoyamba."

"Anthu onsewa akudziwa?"

Aliyense anayang'ana kumbali. A Julebo anakhuthula madziwo patsinde pa mtengo, anapepesa kwa Faida ndi mwamuna wake, n'kunyamula ndowa yawo kubwerera nayo kunyumba. Ukwati unapitirira, anthu anadya, anavina.

M'mawa mwake hamala sinalire. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Chisakasa chinatsekedwa ndi chitseko cha bango. Ine amene ndakhala ndikupempha Mulungu kuti phokoso lija lidzathe tsiku lina, ndinapeza kuti sindikutha kugwira ntchito. Ndinkapatsa anthu mchere atapempha shuga. Ndikayala mabigiri m'mawa ndinkadikira mawu a kuseri kwa khoma, osabwera, ndiye ndinkakalipira aliyense amene wayandikira. A Twaibu anayamba kuswera kumzikiti pothawa ine.

Nditatopa ndinapita kwa a Julebo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali pa mawondo, manja omwe sindinawaonepo ali chete.

"Mwaswera bwanji, a Julebo?"

"Ndine Simeon," anatero. "Dzina linalo lisiyeni. Ndakhala ndikunamiza anthu, agogo osauka, kuwauza kuti chinthu n'cholimba pomwe chikudontha. Ndipo nonsenu mumandiwombera m'manja ngati mwana wophunzira kuyenda."

"Simunaname, simumaona. Ng'ala amachotsa, bambo. Apongozi anga anawachotsa ng'ala, pano amalowetsa okha ulusi pa singano."

"Diso langa pa mbale? Ayi, amake Faida. Mulungu anandipatsa lili m'mutu, ndikamubwezera lili m'mutu."

Ndinawauza mawu ambiri tsiku limenelo, ena osayenera kuuza munthu wamkulu. Ndinati ndiitanitsa mabigiri odzaza lole, ndiyale mpaka pachisakasa pawo. Ndinkafuna akwiye, andiyankhe kuti pulasitiki si julebo. Iwo anangoti, "Yalani, malowo angokhala." Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo.

Amene anadziwa chochita ndi mayi osalankhula aja. Ndowa yawo yakale, ya chilembo cha S, inali itayambanso kudyeka pansi, ndipo kwa miyezi ankaimata ndi phula mwakabisira monga ankachitira ndi za ena. Tsono anatenga mpeni n'kupala phula lonselo. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kolowa m'mafupa. M'mawa aNankhoma anapita kumjigo, anadzaza ndowa, anaisenza, ndipo m'malo modzera kanjira kachidule anadutsa pakati penipeni pa msika. Madzi ankatsika pa nkhata, pa duku, m'khosi, kumsana, mpaka chitenje chonse chinamatirira thupi. Pofika kunyumba ndowa inali itatsala theka, ndiye anabwereranso.

Ndinawathamangira ndi bigiri yatsopano. "Amayi, tengani iyi, sindikufuna kanthu. Mudwala chibayo!"

"Zikomo, amake Faida, koma ine wokhoma zidebe ndili naye kunyumba."

Tsiku la msika kunabwera mnyamata wa ku Kabudula amene amakhomanso zidebe, anadzipereka kuti aisinthe pansi pomwepo. ANankhoma anamuthokoza n'kumukana ndi mawu omwewo. Msika wonse unkaonerera mayi wamkulu akudutsa ali chonyowa m'mawa uliwonse, milomo ikunjenjemera, koma akupereka moni kwa aliyense ngati palibe chachilendo.

Zimene zinachitika kunyumba aNankhoma anandiuza okha pambuyo pake. A Julebo sankaona kunyowako, koma anayamba kumva chifuwa. M'mawa wina aNankhoma akutula ndowa pakhonde, amuna awo anatambasula dzanja kuti awathandize, n'kugwira msana wozizira ngati mwala wa kudambo.

"Kodi mwagwa m'madzi?"

"Ayi, ndi ndowayi."

"Bwanji osakatenga yapulasitiki kwa amake Faida?"

Tangoganizani, a Julebo kutumiza mkazi wawo kukatenga pulasitiki! ANankhoma akuti apa ndi pomwe anadziwa kuti munthuyu wafikadi pansi. Anafinya duku lawo, madzi n'kumagwera pafupi ndi mapazi a amuna awo kuti amve, kenako anayankha.

"Ndowa iyi anandipatsa mnyamata wina wa ku Namitete. Anati ikadzadontha ndidzamuuze, adzaikonza yekha. Za anthu ena ndinakubisirani, ndinalakwa. Iyi ndiye ndikukuuzani: yadontha. Ndikudikira."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaona a Julebo akubwera ndi ndodo, akupapasa khoma la golosale. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Kodi a Twaibu alipo? Ndimati ndifunse kuti galimoto ikupita liti ku tauni kokaoda katundu."

Anakonzekera ulendo wa kuchipatalawo ngati sakabwerako. Anakalapa kwa abambo mfumu, anauza ana amene adzatenge chidutswa cha njanji, ndipo anandipempha kuti ngati diso likabwere lotembenuka ndisadzawaseke pagulu. Ndinalonjeza kuti ndidzawasekera m'golosale. M'galimoto anakhala kutsogolo atagwira kolona, aNankhoma pambali pawo, ine kumbuyo pamwamba pa makatoni, fumbi lonse la msewu likuthera pa ine.

Ku chipatala cha maso anawayeza, n'kuwauza kuti ayamba ndi diso limodzi, linalo adzabwerenso. Ntchito yake sinatenge nthawi. Anatuluka diso lili lophimba ndi thonje, akudabwa kuti sanamve kupweteka ndiponso mbale sanaione. Anagona komweko, aNankhoma akuwadikirira, ife tinakagona kwa achibale.

M'mawa mwake tinabwera ndi tiyi m'fulasiki, ndipo tinapeza anesi akuyamba kumatula thonje lija. A Julebo anaphethira, misozi ikutuluka, n'kuyang'ana kudenga, kenako pawindo. Anayang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku. Atadzutsa mutu anaona ine.

"Amake Faida! Koma ndiye mwanenepatu."

"Anesi, bwezerani thonje lija," ndinatero, wodi yonse n'kuseka.

Kenako anatembenukira kumanzere, kumene aNankhoma anakhala pa kampando, manja ali pa chifuwa. Kuseka kunawathera. Zaka zonse za chimbuuzi zija iwo ankaona nkhope ya akazi awo monga ankaikumbukira. Tsopano anaona imvi zotuluka m'mphepete mwa duku, makwinya a m'mbali mwa maso, masaya olowa, ndi zipsera za phula lotentha pa zala. Anayang'ana nthawi yaitali, moti aNankhoma anayamba kukonza duku mwamanyazi.

"ANankhoma, imvi zonsezi munazitenga liti?"

"Munali pomwepo," anayankha.

A Julebo anatenga dzanja la zipsera lija n'kulitukula pang'ono, moyang'anitsa kuwala kwa pawindo. Analiyang'anitsitsa monga amachitira ndi msoko. Kenako analigogoda pamwamba ndi chala, pang'onopang'ono, n'kunena ndi mawu otsika, osati okweza a pamsika aja.

"This woman is durable."

ANankhoma Chingerezi sadziwa, koma liwu limeneli alimva tsiku lililonse chikwatiwireni, likunenedwa pa ndowa, pa njinga ndi pa zingwe za mbuzi. Anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Iii, ndasanduka ndowa kodi?" anatero, koma misozi inali ikutsika, ndipo dzanja lija sanalichotse. Ine ndinatuluka panja, ndinauza a Twaibu kuti fungo la mankhwala likundilowa m'maso.

Adokotala anawaletsa kukhoma kwa milungu ingapo kuti diso lipole, ndipo masiku amenewo aNankhoma anavomera kubwereka bigiri yanga, ati kubwereka kokha. A Julebo anaithera nthawiyo akuyenda khomo ndi khomo ndi magalasi akuda, kufunsa aliyense amene anagula ndowa nthawi ya chimbuuzi kuti aibweretse. Wakabaza uja anamupeza, n'kumuuza kuti nkhani zake si julebo.

Tsiku limene chitseko cha bango chinatseguka, ndowa za anthu zinali zitaunjikana pakhomo, koma yoyamba kuikidwa pa njanji inali ya chilembo cha S. Hamala italira koyamba ndinali ndikuyeza shuga, ndipo ndinangoima ndi sikelo m'manja. Mutu unayamba kuwawa nthawi yomweyo, malo ake akale enieni, ndipo ndinameza panado ndikumwetulira ngati wamisala.

Atamaliza anaitukula kudzuwa n'kulowetsa mutu. Anakhalitsa m'menemo, akuizunguza pang'onopang'ono, mpaka ndinakuwa kuti, "Mwagona m'menemo kodi?" Anatulutsa mutu, osanena Chingerezi chilichonse, n'kuipereka kwa akazi awo ndi manja awiri.

ANankhoma anandibwezera bigiri yanga atatsuka bwinobwino, n'kupita kumjigo. Pobwera anadzeranso pakati pa msika, ndowa ili yodzaza mpaka pakamwa. Tonse tinasiya zimene tinkachita n'kumawayang'ana kumsana akudutsa. Chitenje chawo chinali chouma.